Phazi Limene Linasiya Kuwawa

Panali munthu wina, telala, amene ankadwala matenda a shuga. Amene anandiuza nkhaniyi ndi mlamu wake, ndiye musati ndikupeka. Makina osokera a telalayo anali opalasa ndi phazi, ndipo phazi limenelo ndi limene linkadyetsa banja lonse.

Mapazi ake ankamuotcha ngati waponda makala. Mkazi wake atamuperekeza kuchipatala, namwino anati: "Bambo, ululu uwu si wa bala ayi, ndi wa mitsempha. Shuga akuwononga mitsempha imene imauza ubongo kuti mwapweteka. Tsiku lina mapaziwa akadzangoti zii, musadzasangalale, ndiye kuti mlonda wanu wagona. Muzivala nsapato, muziyang'ana kuphazi tsiku lililonse, ndipo mankhwala musasiye."

Telala anangoti, "Ndamva, a nesi." Koma atangotuluka panja anatembenukira kwa mkazi wake n'kuseka. "Amayi, mwawamva? Akuti ndiziukonda ululu!"

Tsiku lina kunabwera kasitomala wachilendo kudzapinditsa thalauza. Atamuona akusisita mapazi, anatulutsa kabotolo ka mafuta. "Achimwene, muzipaka awa. Mapilisi ajawa tayani, amangokufooketsani." Munthu wosamudziwa ndi dzina lomwe, koma telala anamumvera!

Patapita miyezi moto uja unazimadi. Telala anavula nsapato, akuti zimamulemera popalasa, n'kumauza aliyense wolowa m'shopu kuti wachira. Mkazi wake yekha ndi amene mtima sunali m'malo.

"Abambo, tabwerani ndione kuphaziko."

"Aa, muonako chiyani? Mwandiona ndikutsimphina ine?"

Mkazi uja ankangosiya. Akanatani? Munthu wamkulu sungamugwetse pansi.

Paja m'shopu ya telala pansi sipasowa mapini ndi masingano othyoka. M'mawa wina mkaziyo akusesa anaona madontho akuda pa chopondera cha makina, ntchentche zili ng'waa. Anagwada n'kugwira phazi la mwamuna wake mwamphamvu. Mayo ine! Chidutswa cha singano chinali chitalowa pansi pa chala chachikulu, bala litatukusira, chala chitada bii. Mwiniwake sankamva kalikonse.

Kuchipatala dokotala anapukusa mutu. "Mwachedwa, bambo. Tikausiya mwendowu, poizoni alowa m'magazi." Anaudula pansi pa bondo.

Chimene chimandiliza ine n'chakuti atabwerera kunyumba ululu unabweranso, koma m'phazi lomwe analidula lija. Dokotala anati zimachitika, ubongo umakumbukirabe chiwalo chimene chinachoka, ndipo mankhwala amathandiza pang'onopang'ono.

Masana ena mkazi uja akuchapa anamva kukuwa m'chipinda. "Amayi, fulumirani! Ndisisiteni chala chachikuluchi, chikundibaya!"

Anathamanga thovu lili m'manja, n'kugwada pafupi ndi bedi monga ankachitira kale. Anayang'ana bandeji ya pabondo, kenako pa bulangete pamene pakanakhala phazi. Manja anangoima m'malere.

"Ndisisite pati, abambo?"

Telala analoza pamalo popanda kanthu. Onse awiri analira, makina ali pakona atawafunditsa nsalu ya kasitomala amene anatopa kudikira.

Phunziro: Abale anga, ululu ndi wowawa, koma ndi umene umatichenjeza kuti m'thupi mwalakwika. Ululu ukatha sindiye kuti matenda atha. Phazi likachita dzanzi, thamangirani kuchipatala, ndipo musasiye mankhwala chifukwa cha mawu a munthu wongodutsa. Musangowerenga n'kukhala chete, tumizirani aliyense amene ali ndi m'bale wodwala shuga, aone kuphazi lero lomwe.