Kanyumba ka Patsinde pa Phiri

"Fufuta kanyumbako, Aliness!" anakalipa a Goliati, aphunzitsi aja ojambula ndi penti wa mafuta pa Migowi. "M'chithunzi cha azungu akalechi muli phiri, mtsinje ndi mitengo basi. Ndati uzikopera, osati kuwonjezera zako."

Komatu inu, mtsikanayu sankachita dala ayi. Akuti akangojambula phiri lililonse, dzanja limapita lokha patsinde n'kuikapo kanyumba ka chitseko chobiriwira. Anzake mpaka ankanong'onezana kuti zimenezi si zabwinobwino.

"Tenga penti wa mtundu wa dothiyu upake pamwamba pake, apo ayi usadzabwerenso kuno."

Aliness anaviika burashi, koma sanapake.

"Aphunzitsi, amayi ali m'katimo," anatero chapansipansi. "Napolo anawakwirira kale ndi matope ku Chiringa. Ndiye ndiwakwirirenso ine?"

A Goliati anayang'anitsitsa chithunzicho, kenako analoza pambali pa kanyumbako, kufupi ndi mtsinje.

"Apa panali nyumba yanga, ya malata, ana anga awiri akusewera pakhonde," anatero osamuyang'ana. "Ine dzanja limakana. Undiikireko."