Kasikiripiti Kaulemu ka Fumbani

Panali munthu wina ku Chikwawa, dzina lake Fumbani, amene anadziphunzitsa yekha za makompyuta. Ankagwira ntchito ku kabungwe kena kochenjeza anthu madzi a Shire akamakwera. Owerenga madzi m'midzi ankatumiza uthenga pa foni potsata kabuku. Nambala ya m'kabukumo ikasiyana ndi ya m'pulogalamu ya pa kompyuta yolandira uthengawo ku ofesi, chenjezo silinkafika.

Fumbani analemba kasikiripiti, timizere ta malamulo toti kompyuta izifananiza yokha kabuku ndi pulogalamu. Pa laputopu yake kankathamanga ngati mbuzi ya ku Chapananga yomwe yaona madzi.

Mayi Otilia, omwe ankasindikiza timabukuto ku Nsanje, anamuuza pa foni kuti, "Mwanawe, ulembe malamulo amene kompyuta iliyonse imamva. Yangayi ndi nkhalamba, zamakono sizidziwa. Bwera udzayesere kuno."

"Amayi, kompyuta ndi kompyuta. Dzuwa lonseli ndiyendere nkhalamba?"

Anangokatumiza. Komatu mnyamatayu analeredwa bwino. Kumapeto anaika mawu oti "Zonse zili bwino," osaika lamulo loti pakavuta kaime. Kompyuta yokalamba ija itafika pa malamulo achilendo inangowadumpha, n'kuyankha mwaulemu ngati wodwala amene mwamufunsa kuti wadzuka bwanji. Nambala ya m'pulogalamu inali itasintha, koma timabuku tinasindikizidwa ndi nambala yakale, n'kugawidwa.

Mwayi wake, mvula isanayambe panali tsiku loyeserera. A Kaitano, msodzi wa ku Elephant Marsh, anatumiza uthenga katatu. Ku ofesi kunali zii.

"Achimwene," anatero a Kaitano onse atakumana ku ofesi, "akanakhala madzi enieni, bwenzi pano ndikuwerenga kabuku kanuka ndili mumtengo."

"Koma pa laputopu yanga zimatheka," anayankha Fumbani.

Mayi Otilia anati, "Laputopu yakoyo ndi imene imagona m'mbali mwa mtsinje?"

Akuluakulu a kabungweko sanamuchotse ntchito. Anamupatsa njinga ndi cholembera. Sabata ziwiri anazungulira midzi, akukonza nambala pamanja, kabuku ndi kabuku. Shire atadzaza, uthenga wa a Kaitano unafika kamodzin'kamodzi, anthu n'kusamuka ndi mbuzi zawo zomwe.

Kasikiripitiko anakalembanso ndi malamulo wamba, ndipo tsopano kakaona vuto kamaima n'kunena. Kompyuta ya ku Nsanje ija amaitcha Apongozi. Chilichonse chimene walemba chimayamba chakagwada kumeneko.

Phunziro: Zatheka kwanu, kayeseninso kwa eni ake. Ndipo mlonda woyankha "zili bwino" asanayang'ane ndi woopsa kuposa kusowa mlonda. Nkhaniyi atumizireni a Fumbani onse amene mukuwadziwa, mvula isanagwe.