Miyala m'Dengu la Apongozi

Pofuna kusamala magetsi, chikepe cha m'nyumba yosanja ya pamsika wa Kachere sichikweza munthu pokhapokha wina wolemera ngati iye akutsika mbali inayo. Makina anapeza kuti Lufeyo akulingana kulemera ndi apongozi ake, a Nachisale.

Madzulo aliwonse iye akamakwera pochokera kuntchito, iwo ankatsika kukagulitsa mandasi. Podutsana pakati, aliyense ankayang'ana kukhoma, poti mkamwini ndi apongozi sapenyana.

Mwezi watha chikepe chinayamba kukakamira. Kenako Lufeyo anamva zinthu zikugogoda m'dengu la apongoziwo. Inali miyala, pansi pa mandasi.

Mawa lake anafika kumwamba wopanda nsapato, jombo ndi zipangizo zake atazisiya pansi.

"Bambo a Mphatso, zayamba liti zimenezi?" anafunsa mkazi wake, Enelesi.

"Amayi akuonda, ndipo akubisa. Ndikapepuka ine, sasenzanso miyala. Ine sindingawafunse. Chonde mupite nawo kuchipatala."

Apongozi atabwerako kuchipatala, dengu lawo linadutsa pachikepe lili zii, lopanda miyala. A Nachisale, nkhope ili kukhoma, analankhula ngati akuuza chitsulo.

"Simentiyi ikuzizira. Mwana wanga wina azivala masokosi."