Khoko Lachisanu ndi Chiwiri

Foni itasiya kulira m'thumba, Lemani anapezeka wagwira khoko la chipolopolo, osakumbuka ngati wathiramo kale onga.

Linali tsiku lake loyamba pa benchi yothirira onga m'makoko a zipolopolo, pa kalabu yowombera chandamale kunja kwa Doha, atatha miyezi isanu akungosesa makoko pansi. Bambo Walije, oyang'anira mfuti za pakalabupo, anamulola kuyesa iwo ali pambali.

"Waima bwanji?" anafunsa.

"Mwina ndathira, mwina ayi, bambo. Ndingowonjezera pang'ono?"

Bambo Walije sanakalipe. Anamulanda foni, n'kuona kuti woimbayo ndi Eveless, chibwenzi cha Lemani chokhala kudera la Bin Mahmoud. Anaiika pawindo, n'kuyatsa tochi.

"Osaganizira. Suzumira."

Lemani anawerama. M'makoko asanu ndi limodzi oimikidwa m'thireyi, onga unalekezera pofanana, ngati tiyi wothira munthu mmodzi. M'khoko la m'manja mwake unalimonso.

"Ulimo kale," anatero motsitsa mawu.

"Khutula onse. Yalla, tiye, tiyambirenso pa sikelo."

"Ngakhale abwinowa?"

"Wawadziwa bwanji kuti ndi abwino, mutu uli ku Bin Mahmoud?"

Lemani anakhutula, koma funso linkamuyabwa pakamwa.

"Nanga munthu akathira kawiri, chimachitika n'chiyani kwenikweni?"

Bambo Walije anasamutsira tochi kudzanja lamanzere, n'kuyala lamanja pa benchi. Lemani ankapatsana moni ndi dzanja limenelo m'mawa uliwonse, koma lero ndi pomwe anawerenga zala, n'kupeza kuti sizikukwana zisanu.