Bandeji pa Mwendo wa Alamu

Panali munthu wina, kalipentala wa mipando, amene anzake ankamutcha Chipupa chifukwa Loweruka lililonse ankagwira pagolo mu timu ya madoda. Tsiku lina sowo inamucheka pamsongolo. Kuchipatala atamusoka, namwino anamumanga bandeji yamakono yokhala ndi kagetsi kobiriwira.

"Bambo, iyi si bandeji wamba," anatero namwinoyo. "Imayeza kutentha kwa bala, imathira yokha mankhwala, ndipo zonse imanditumizira pafoni. Mupola msanga. Koma osaivula, osathamanga."

"Ndamva, mayi."

Loweruka litafika, timu inali ndi mpira waukulu. Chipupa anadziwa kuti akathamanga, bandejiyo imuneneza. Akazi ake atangopita kumsika, anayang'ana mlamu wake atagona pasofa, rimoti ili pamimba.

"Alamu, tandibwerekani mwendo."

"Mwendo wanga? Mukatani nawo?"

"Inu simuugwiritsa ntchito ndi kale. Ingogonani momwemo."

Anamatula bandeji ija n'kuimanga pamwendo wa mlamuyo. Pabala pake anakulungapo kansanza, n'kuvala sokosi, ulendo kubwalo.

Posakhalitsa namwino anaimbira foni akazi a Chipupa ali pakati posankha tomato.

"Mayi, amuna anu ali kuti? Foni ikundiuza kuti bala lasowa, khungu lili see ngati la khanda. Chiyambireni ntchitoyi sindinaonepo zotere."

Mayiwo anathamangira kunyumba. Anapeza achimwene awo akuliza mkonono, kagetsi kakuphethira pamwendo waubweya.

"Achimwene, mwavulala liti?"

"Ine ndangobwereketsa, mlongo wanga. Eni ake ali kumpira."

Kubwalo anapeza Chipupa atakhala pansi, sokosi ili magazi okhaokha. Mpira woyamba womwe anaudumphira, ulusi unaduka ndipo fumbi linalowa pabala. Mwendo unatupa ngati mtsamiro. Atamutengera kuchipatala, dokotala ananena mosabisa kuti akanachedwa pang'ono, akanaudula.

Pomumanga bandeji yachiwiri, namwino anamwetulira.

"Iyi ndailumikizanso ku foni ya akazi anu."

Kuyambira pamenepo, akangoti anyang'ame kupita kushedi yake ya ukalipentala, foni inkalira kukhitchini, kenako mawu: "Bambo a ana, khalani pansi." Ankakhaladi.

Bala linapola bwinobwino, mwendo unapulumuka. Koma atabwerera kubwalo anapeza pagolo pali munthu kale. Anali mlamu uja. Pofuna kupepesa, mlamuyo anapita kukamugwirira malo Chipupa akudwala, ndipo zinapezeka kuti mpira sumudutsa. Chipupa pano amanyamula madzi a osewera, ndipo mlamu akagwira penate, ndi iye amayamba kuwomba m'manja.

Phunziro: Ukanamiza achipatala, wanamiza thupi lako lomwe. Chipangizo chingachenjere bwanji, sichingapoletse bala la munthu wosamva, paja samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka abambo amene amati "ndachira" dokotala asananene.