Kiyi Anamupatsa Mphaka

Panali munthu wina, bambo wa ana awiri, amene ankakonza makina osindikizira mapepala m'maofesi. Akaweruka, ankayamba ntchito ina yopanda malipiro. Pali pulogalamu yaulere yosungiramo ndalama za pa intaneti, zija amati kiripito. Eni ake akatulutsa yatsopano, iye ankaiyesa n'kuilongedza bwinobwino kuti anthu a makompyuta a mtundu wa Linux azingoitsitsa. Pomaliza ankaidinda ndi kiyi wake wachinsinsi, kutsimikiza kuti phukusilo lilibe vuto. Anzake anafika pongomutchula kuti a Phukusi.

Anagwira ntchitoyi zaka zisanu ndi ziwiri. Otsitsa anali zikwizikwi, ngakhale makampani. Pa tsamba lake anaikapo pempho loti ofuna athandizeko, koma zimene zinabwera chaka chathunthu zinangokwana batire ya laputopu. Mauthenga okha ndiye ankabwera ngati mvula. "Yatsopano ili kuti?" "Kodi mwagona?" Wothokoza anali mmodzimmodzi.

Loweruka lina mkazi wake anaima pakhomo la chipinda.

"Abambo, mwana akuthamanga pa mpikisano kusukulu lero. Tipitira limodzi?"

"Tsogolani, ndimalize kaye izi."

"Anthu anuwo, tsiku limene mudzagone m'chipatala, adzabwere kudzakuonani ndani?"

Iye anangopitiriza ntchito yake. Maso anali atayamba kale kumuwotcha ngati muli mchenga.

Kenako kunatulukira munthu wina pa intaneti. Dzina lenileni sanatchule, pa chithunzi anaika mphaka, ndiye onse ankangoti Mphaka. Anali waulemu, ndipo ntchito ankaidziwa. Vuto limene a Phukusi akanalimbana nalo sabata, iye ankalikonza tsiku limodzi. Miyezi isanu ndi itatu inatha osapempha kanthu. Pambuyo pake anthu ena atatu anayamba kulemba tsiku ndi tsiku: "Ngati mwatopa, mupatseni Mphaka kiyiyo. Musatichedwetse."

Mwezi womwewo dokotala anauza a Phukusi kuti akapanda kupumitsa maso, adzawataya. A Phukusi anaimbira foni mayi wina, mphunzitsi wake wakale, amene anamusiyira ntchitoyi.

"Aphunzitsi, ndatopa. Ndapeza wondithandiza, ndikufuna kumupatsa kiyi."

"Nkhope yake munaionapo?"

"Ayi."

"Nanga mawu ake?"

"Amati kwawo netiweki ndi yovuta."

"Ndiye musapereke. Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga. Ngati mwatopa, lembani poyera kuti mwatopa, ntchito iime mpaka papezeke munthu wodziwika."

"Anthu andinena."

"Akukunenani kale. Chasintha n'chiyani?"

Anavomera pafoni, koma atangoidula anapeza mauthenga ena makumi atatu akumudikira. Anawerenga asanu. Kenako anatumiza kiyi uja kwa Mphaka, n'kutseka laputopu.

Kunena zoona, masabata otsatirawo anali okoma. Ankadya pamodzi ndi ana, mutu unasiya kuwawa. Mphaka anatulutsa phukusi loyamba, labwinobwino. Lachiwiri chimodzimodzi. A Phukusi anasiya n'kuyang'ana komwe.

Lolemba lina masana, ali chigwadire kuchotsa pepala lokakamira m'makina pa ofesi ina, anamva munthu akumuitana pakhomo. Anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, dalaivala wa lole. Kwa zaka zinayi mlamuyo ankasunga ndalama m'pulogalamu muja kuti adzagule lole yakeyake. Amene anamuikira pulogalamuyo pa kompyuta ndi a Phukusi omwewo.

"Alamu, tandionereni. Ndatumiza kwa wogulitsa lole uja m'mawa, akuti sizinafike. Koma kunoku zachoka."

"Mwina zikuchedwa chabe."

"Zonse, alamu. Mwatsala pululu."

A Phukusi anapukuta inki m'manja, natsegula pa laputopu phukusi lachitatu limene Mphaka anatulutsa. Sizinamutengere nthawi. Munali mizere isanu ndi umodzi yobisika. Munthu akatumiza ndalama, pulogalamu inkaonetsa adiresi yolondola ya wolandira, koma n'kuzipititsa kwina. Pansi pake panali chidindo cha kiyi wake.

Analembera Mphaka. Zii. Anafufuza anthu atatu ankamukakamiza aja, onse anali atafufutika tsiku limodzi. Apa m'pamene anazindikira kuti atatuwo ndi Mphaka anali munthu mmodzi yemweyo.

"Zibwerera?" anafunsa mlamu uja.

"Zamtunduwu sizibwerera."

Mlamuyo anakhala pa katoni ya mapepala, chipewa m'manja. Sanatukwane, sanakweze mawu. Anangoti, "Ine za makompyuta sindizidziwa. Ndinkadziwa inu."

Tsiku lomwelo a Phukusi anathetsa kiyi uja n'kuchenjeza anthu onse, koma anthu mazana anali ataberedwa kale. Kampani ina imene inagwiritsa ntchito phukusi lake zaka zonsezi osaperekapo kalikonse inamutumizira kalata ya loya. Apolisi anatenga laputopu n'kumufunsa mafunso masiku atatu. Anamupeza wosalakwa, koma pa intaneti dzina lake linali litaipa kale. Ntchito ija inafera pomwepo, palibe anaitola.

Akuti mpaka pano mlamuyo akuyendetsabe lole ya abwana ake. Akamadutsa pafupi ndi nyumba ya mlongo wake amaliza hutala, ana n'kuthamangira kumsewu kukalandira maswiti. Iye satsika.

Phunziro: Kiyi amene anthu amakhulupirira chifukwa cha dzina lanu musamupereke kwa munthu amene simunamuonepo, ngakhale akhale wokoma mtima chotani. Mukatopa nenani kuti mwatopa, kusiya ntchito poyera si manyazi. Ndipo inu amene mumagwiritsa ntchito mapulogalamu aulere, dziwani kuti kuseri kwake kuli munthu wa maso awiri ndi banja. Muthandizeni asanafike pothandizidwa ndi mbala. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa anzanu ndi m'magulu onse amene muli.