Chitenje pa Sola

Masiku ano mkangano wa malire a dimba umathera pa gemu ya pa foni. Banja lililonse limasankha womenyera mmodzi, wopambana n'kutenga malowo. Kwathu anasankha ine.

Gulu lathu la osewera lili ndi malamulo a ulemu. Woitanidwa kunkhondo amatchajira mdani wake foni. Mdaniyo polandira sayang'ana batire, poti kutero n'kunyoza. Foni ikazima, wagonja.

Loweruka m'mawa msuweni wanga Zikani, yemwe anandiitana kunkhondo, anabweretsa foni yake.

"Azakhali, ndiike pati?"

"Pawindopo, mwanawe. Wadya koma?" anatero amayi.

Atachoka, amayi anakayanika chitenje chonyowa pamwamba pa sola yomwe timatchajira mafoni. Ndinaona ndithu. Ndinapitiriza kusesa.

Masana Zikani analandira foniyo ndi manja awiri, maso ali kumbali. Tili mkati momenyana, msilikali wake anangouma, mkondo uli m'mwamba.

"Batire yangayi yakalamba," anatero akuseka. "Wamenya bwino, Esinati. Uzindigairako tomato."

Ndinangogwedeza mutu. Mpaka lero sindinauzepo munthu.

Lolemba tinapita kukathirira dimba lathu latsopano. Amayi anavala chitenje chomwe chija. Chinali chitauma bwinobwino.